Tisiye kukonzera mafayilo a XML mu Notepad, zida zake zilipo

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndinenepo za kanthu kamene kamandiwawa mumtima kuntchito. Ndikudziwa ena angoona mutuwu n'kudumpha kuti aaa izi ndi za anyamata a makompyuta, koma dikirani kaye, nkhaniyi ikukhudza mlimi yemwe dzina lake lasowa mu kaundula, wabizinesi yemwe katundu wake wagona pa boda chifukwa sisitemu ikukana mapepala, ngakhale inuyo a nyuzipepala amene nkhani zanu zimayenda pa intaneti. Ndikunena za mafayilo a XML ndi chida chimene timatsegulira komanso kukonzera mafayilowo. Ine ntchito yanga ndi ya deta, ndimakonza mafomu a kafukufuku ndi kusamutsa zinthu kuchoka mu sisitemu ina kupita mu ina, nde chomwe ndikuona m'maofesi ambiri n'choti anthu akukonzera mafayilo ofunika kwambiri mu Notepad, ena mu Word, ena mpakana mu Excel, pomwe mapulogalamu opangidwira ntchito imeneyi alipo, ena ogula ena aulere. Izizi zikutidyera nthawi ndipo zikuwononga deta ya anthu osalakwa.

Kwa amene sanaionepo, fayilo ya XML ndi malemba wamba basi, kungoti chilichonse chimakhala mkati mwa matagi onena kuti ichi n'chiyani. Tinene kuti mlimi wina wa ku Dedza wakolola matumba 12 a soya, mulemba <boma>Dedza</boma> kenako <mbewu>soya</mbewu> kenako <matumba>12</matumba>, zonsezo n'kuzitsekera pakati pa <mlimi> ndi </mlimi>. Munthu atha kuwerenga, kompyuta nayonso itha kuwerenga, ubwino wake ndi umenewo. Bungwe la W3C, loika miyezo ya masamba a pa intaneti, linakhazikitsa XML 1.0 pa 10 February 1998, olemba ake anali Tim Bray, Jean Paoli ndi Michael Sperberg-McQueen, ndipo anaitenga ku SGML, njira yakale ya matagi ya mu 1986, yomwe inali yolemera komanso yovuta kuti pulogalamu iliyonse iimvetse. Nde si chinthu cha dzulo ayi, chakhala nafe zaka zoposa 25 ndipo chinalowa paliponse mwakachetechete.

Ngati simukukhulupilira yesani nokha, tengani fayilo iliyonse ya Word ija imathera ndi .docx, ipangeni kope, sinthani dzina lithere ndi .zip, tsegulani. Mupezamo mafoda odzaza XML, kalata yanu yonse ili mu document.xml. Zakhala choncho kuyambira Office 2007. Mafomu a pa foni aja anyamata ndi atsikana a kafukufuku amayenda nawo m'midzi, a ODK Collect ndi KoboToolbox, ife timawalemba mu Excel inde koma foni simawerenga Excel imeneyo, fomuyo imasinthidwa kaye kukhala XForm yomwe ndi XML, ndipo mayankho a khomo lililonse amapita ku seva ali XML. ASYCUDA World, pulogalamu ya UNCTAD (nthambi ya United Nations ya zamalonda) yomwe a MRA amagwiritsa ntchito pa za kasitomu, imalandira mapepala a katundu mu XML. Mabanki nawo asamukira ku ISO 20022, muyezo watsopano wa mauthenga a ndalama, SWIFT yomwe imalumikiza mabanki padziko inayamba kusamukaku mu March 2023 ndipo nthawi yoyendera limodzi ndi mauthenga akale aja a MT pa zotumiza ndalama kunja inatha mu November 2025, mauthenga atsopanowo ndi XML. Mabungwe olandira ndalama za madona ena amauzidwa kuti azisindikiza malipoti awo mu IATI, muyezo wa malipoti a ndalama za thandizo, nayonso XML. Malawi Medical Journal imapezeka mu PubMed Central komwe nkhani zimasungidwa mu JATS, mtundu wa XML wa nkhani za kafukufuku. Olo malamulo a mayiko pali Akoma Ntoso yomwe inayambika ndi nthambi ya United Nations pofuna kuthandiza nyumba za malamulo za mu Africa muno, mu 2018 inakhala muyezo wovomerezeka ndi bungwe loika miyezo la OASIS. Ndiye munthu asamati XML sindimaigwira, mukuigwira kungoti simuiona.

Tsopano vuto lili apa. XML siseka ndi munthu. Amene anaipanga anachita kufuna kuti pulogalamu ikapeza cholakwika pa kalembedwe iziima pompo osapitiliza, kusiyana ndi masamba a pa intaneti omwe olo walakwitsa browser imangoyesa kuganizira zomwe umafuna. Mu XML tagi iliyonse yotsegulidwa itsekedwe, ndipo itsekedwe mu dongosolo lake, yomwe yatsegulidwa pomaliza ndi yomwe iyambe kutsekedwa. <Boma> ndi <boma> ndi zinthu ziwiri zosiyana. Fayilo yonse ikhale mkati mwa tagi imodzi yaikulu. Chizindikiro cha & sungangochiponya pakati pa mawu, uyenera kulemba &amp; ndipo < uyenera kulemba &lt; apo ayi fayilo yonse yakanidwa. Malamulowa ndi ochepa, munthu atha kuwaloweza tsiku limodzi, koma kuwasunga ndi maso okha mu fayilo ya mizere masauzande ndi zosatheka, ndipo Notepad siyikuuza chilichonse, imangokuyang'ana zilembo zakuda pa pepala loyera.

Ndinaona mtsikana wina pa ofesi ina, wangomaliza kumene sukulu ali pa intenishipu, wanzeru bwinobwino, atapatsidwa fayilo ya alimi yomwe seva imaikana. Fayiloyo inatuluka mu sisitemu ina yonse ili mzere umodzi wautali wopanda podukira, nde uthenga wa seva unkangoti cholakwika chili pa mzere 1, kolamu ya nambala ya m'masauzande. Mwanayo anatsegula mu Notepad, wayatsa word wrap, chala chili pa sikirini akutsata zilembo chimodzichimodzi, nsima ya masana yazizira mu kontena pambali, bwana akudutsa mphindi zilizonse kufunsa kuti zatheka? Magetsi atathima laputopu inatsala ndi batire pang'ono iye akadali pompo maso atafiira. Titatsegula fayilo yomweyo mu edita ya XML sipanathe ndi mphindi, pansi panatuluka uthenga wofiira, kudina pamenepo kesa inalumphira pa malo enieniwo, munthu wina kumudzi kuja analemba kuti chimanga & soya ndipo sisitemu yotulutsa fayiloyo sinasinthe & uja. Basi. Kachizindikiro kamodzi. Chimene chinandipweteka n'choti mwanayo anayamba kudziona ngati iyeyo ndi amene sakutha ntchito, chonsecho anangomupatsa chida cholakwika, ndipo ana ambiri aluso amathawa ntchito ya deta chifukwa cha masiku ngati amenewa.

Word ndiye musayese n'komwe. Ija imasintha yokha zizindikiro zoongoka za " kukhala zopindika zokongola zija, pa kalata ndi zabwino koma mu XML ukalemba nambala="12" ndi zopindikazo fayilo yafa, ndipo ndi maso sungasiyanitse msanga.

Palinso mbali ina yomwe ikutikhudza ife olemba Chichewa makamaka. Chilembo cha ŵ chija cha mu Malaŵi, mu UTF-8, imodzi mwa njira zomwe kompyuta imasungira zilembo (encoding), chimasungidwa ndi mabayiti awiri, nde fayilo ikatsegulidwa ndi pulogalamu yomwe ikuganiza kuti ndi Windows-1252 mumaona MalaÅµi, ndipo munthu akangodina save ali pomwepo zoipazo zakhazikika, mawa wina atsegulanso n'kusevanso zimaonjezekera mpakana dzina la munthu silikuwerengekanso. Notepad yakale inkaseva mu ANSI pokhapokha uchite kusankha wekha, anadzasintha kuti izidzayamba ndi UTF-8 mu 2019 pa Windows 10, koma makompyuta angati m'maofesi mwathu muno akadali pa Windows 7? Pamwamba pa fayilo palembedwa encoding="UTF-8" koma mkati mwasevedwa zina, seva n'kukana, anthu n'kumati netiweki. Edita yeniyeni imawerenga mzere woyambawo ndipo imaseva mogwirizana nawo, ukaika chilembo chomwe encoding yakoyo singachinyamule imakuchenjeza usanaseve. Kenako kankhodolero (') kathu kaja ka mu ng'ombe, m'mudzi, n'chifukwa, ndi maina ambirimbiri a anthu ndi midzi. Kakakhala mkati mwa attribute (mfundo yolembedwa mkati mwa tagi, ngati nambala="12" ija) yotsekedwa ndi ' kamaidula pakati. Amene anamasulirapo app ya Android kupita mu Chichewa akudziwa zomwe strings.xml imachita, Android ili ndi lamulo lakelake loti kameneka uziyamba waika \ kutsogolo kwake, apo ayi app simangika, ndipo Chichewa chathu ndi chodzadza nako pafupifupi chiganizo chilichonse. Mzungu womasulira mu chilankhulo chopanda kachizindikiroka sakumana nazo kawirikawiri ngati ife. Nde ifeyo ndi amene tikufunika zida zabwino kuposanso anzathuwo.

Koma akonzi chachikulu chenicheni chomwe ndalembera kalatayi si matagi osatsekedwa ayi, amenewo olo pulogalamu yaing'ono imagwira. Chachikulu ndi schema. Fayilo itha kukhala yolembedwa bwino matagi onse ali m'malo koma zamkatimo zili zabodza. Matumba munthu walemba khumi ndi awiri m'mawu pomwe pamafunika 12. Tsiku wina walemba 03/04/2024 ndipo palibe akudziwa ngati ndi March kapena April. Boma la Nkhata Bay lalembedwa Nkhatabay, Nkhata-Bay, NkhataBay, N/Bay, nde powerengera mupeza maboma 40 pomwe Malawi ali ndi maboma 28. Schema ndi fayilo ina yapadera yomwe imanena malamulo a deta yanuyo, kuti mlimi aliyense akhale ndi boma limodzi, bomalo lichokere pa mndandanda uwu wa 28, matumba ikhale nambala yosachepera 0, tsiku lilembedwe chaka kaye kenako mwezi kenako tsiku ngati 2024-04-03. Pali XML Schema ya W3C ya mu 2001 imene ambiri amangoti XSD, pali RELAX NG ya James Clark ndi Murata Makoto yomwe ine ndimaikonda chifukwa imawerengeka mosavuta, ndipo pali Schematron ya Rick Jelliffe yomwe imagwira zinthu zoti ziwiri zinazo zimavutika nazo, zija zofuna kufananitsa mbali ziwiri, monga tsiku lokolola lisakhale m'mbuyo mwa tsiku lodzala, kapena munthu walembedwa kuti ndi bambo asapezekenso kuti ndi woyembekezera, ndipo uthenga wa cholakwikacho umaulemba wekha, olo mu Chichewa, kuti kalaliki amve.

Edita yeniyeni ukaipatsa schema imasintha kagwiridwe konse ka ntchito. Ukangolemba < imakutulutsira matagi okhawo ololedwa pamalo amenewo, ukafika pa boma imakupatsa maboma 28 aja usankhe, ukalemba mawu pofunika nambala imadula mzere wofiira pompo iwe ukadali pa kiyibodi, pepala lochokera kumudzi likadali patebulo, woyang'anira dera akadali pa foni woti utha kumufunsa. Mmisiri womanga nyumba amayenda ndi levulo ndi chingwe kuti njerwa yokhota aione akadali pa mzere womwewo, osati adzaione denga litakwera, nde schema mu edita ndi chimodzimodzi. Cholakwika chogwidwa lero ndi munthu amene akuidziwa detayo chimakonzedwa mphindi imodzi. Chomwecho chikadutsa chimakapezeka patatha miyezi itatu ku likulu ndi munthu woti sanafikeko kuderalo, ndipo iyeyo pofuna kuti lipoti lituluke amangochotsa mzere wonsewo. Mzere umenewo ndi munthu. Ndi mayi wina amene adzauzidwe kuti dzina lanu mulibe, iye anaima pa mzere tsiku lonse kulembetsa.

Zina zomwe zida zimenezi zimachita ndingozitchula mwachangu. Batani limodzi limayala fayilo ya mzere umodzi ija kukhala masitepe ooneka bwino, ndipo utha kupinda zigawo kuti uone mutu wokha. Pali XPath, kachilankhulo kofunsira mafunso mu fayilo komwe kanatuluka limodzi ndi XSLT mu November 1999, ukalemba count(//mlimi[boma='Dedza']) yankho labwera nthawi yomweyo kuti alimi a ku Dedza alimo angati, osachita kuwerenga ndi Ctrl+F mpaka dzanja kuwawa. XSLT imasintha fayilo kuchoka mu maonekedwe a sisitemu iyi kupita a sisitemu inayo, ukailemba kamodzi mwezi uliwonse umangoithamangitsa. Ndiponso kufananitsa mafayilo awiri, ya dzulo ndi ya lero, edita imakuonetsa zenizeni zomwe zasintha osasokonezedwa ndi mipata kapena ma attribute osinthana malo, chinthu chofunika zedi pamene anthu atatu agwira fayilo imodzi ndipo aliyense akuti ine sindinakhudze.

Ena amati ife timangotsegula mu Excel zimaoneka bwino m'mabokosi. Excel ndi yabwino pa ntchito yake, inenso ndimaigwiritsa ntchito tsiku lililonse, koma imakonda kukuganizira. Nambala za foni zathu zimayamba ndi 0, za 088 ndi 099 zija, Excel imachotsa 0 ameneyo chifukwa ikuona ngati ndi nambala yowerengera. Nambala yaitali yoposa madijiti 15 imaisandutsa ma 0 kumapeto ndipo sabwereranso. Chilichonse chooneka ngati tsiku imachisandutsa tsiku, mpakana mu 2020 komiti yopereka maina a ma gene a munthu inachita kusintha maina ngati SEPT2 ndi MARCH1 chifukwa Excel inkawasandutsa masiku mu mapepala a asayansi. Chaka chomwecho ku England a Public Health England anaphonya anthu 15,841 opezeka ndi Covid pakati pa 25 September ndi 2 October chifukwa zotsatira zinkadutsa mu mtundu wakale wa fayilo wa XLS womwe umathera pa mizere 65,536, zotsalazo zinkangogwera panja popanda chenjezo, ndipo anthu amene anakhudzana ndi odwalawo sanafufuzidwe pa nthawi yake. Ngati zinachitika kumeneko komwe kuli ndalama ndi akatswiri, nanga ife tikutaya zingati osadziwa? Komanso XML ili ndi zinthu mkati mwa zinthu, khomo limodzi ana asanu, mwana aliyense katemera wake, ukaiphwathalitsa mu mabokosi a Excel ubale umenewo umasokonekera ndipo pobwezera subwerera mmene unalili.

Nde zida zake ndi ziti. Zogula zodziwika kwambiri ndi Oxygen XML Editor ya kampani ya Syncro Soft ya ku Craiova ku Romania, yomwe imayenda pa Windows, Mac ndi Linux, ndi XMLSpy ya Altova ya ku Austria yomwe ndi ya Windows. Oxygen ili ndi maonekedwe atatu, utha kuona matagi enieniwo, utha kuona ngati tebulo, kapena utha kulemba ngati uli mu Word matagi atabisika koma malamulo a schema akugwirabe ntchito pansi, ndipo apa ndi pamene ndimaona kuti ingathandize anthu athu osakhala a makompyuta, olemba madikishonale, osunga zolemba zakale, okonza magazini a zamaphunziro, alembi a malamulo. Imabwera kale ndi ma schema okonzeka a zolembalemba monga TEI, DocBook ndi DITA. TEI imeneyi inayamba mu 1987 ndipo ndi imene mayunivesite ambiri padziko amasungira zolemba zakale ndi zilankhulo, tikanati tizisunga nthano, miyambi ndi makalata akale a Chichewa mwanjira imeneyi bwenzi mdzukulu wathu adzatha kufufuza mawu aliwonse mosavuta zaka 50 zikubwerazi, pomwe zambiri panopa zili mu ma PDF ojambulidwa mokhota ndi ma flash omwe akusowa.

Mtengo ndikudziwa, laisensi ya zogulazi ndi madola mazana angapo pa munthu mmodzi, ndipo ndi mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023 komanso kusowa kwa forex, si ndalama yoti munthu payekha angotulutsa m'thumba. Koma bungwe lomwe lili ndi galimoto zoyendera kumudzi, lomwe limachititsa misonkhano ku nyanja anthu n'kulandira ma alawansi, lisandiuze kuti lalephera laisensi imodzi kapena ziwiri za anthu amene akusunga deta yomwe lipoti lonse latsamirapo. Vuto si ndalama, vuto n'loti polemba bajeti munthu wa deta saitanidwa, amangoitanidwa zinthu zikaphulika. Kwa ophunzira ndi aphunzitsi Oxygen ili ndi mtengo wotsika wa zamaphunziro, ndipo zonse ziwirizi zimalola kuyesa ulere masiku 30, nde bwana atha kuona yekha kusiyana asanasaine.

Ndipo chonde tisathamangire za crack. Ndikudziwa ndi chizolowezi chathu, wina amabwera ndi flash kuti ndili nayo yaulere, koma kompyuta yomwe muli maina a anthu, nambala za ziphaso zawo, matenda awo, kuikamo pulogalamu yobedwa yoti simukudziwa kuti wina anabisamo chani ndi kusewera ndi moyo wa eni akewo. Chimodzimodzi chizolowezi china chatsopanochi chokopera fayilo yonse n'kukaimata pa webusaiti ina yaulere yoyalira XML, kapena kuiponya mu AI kuti indipezere cholakwika. Mwatumiza kaundula wa anthu a mudzi wonse ku seva ya munthu yemwe simukumudziwa, dziko lake simukulidziwa. Tili ndi lamulo loteteza deta la 2024 tsopano, koma olo likanakhala kuti kulibe, anthu aja anatipatsa zinsinsi zawo potikhulupilira. Edita ya pa kompyuta yako imagwira ntchito yonseyi popanda intaneti, deta situluka pakhomo, komanso bandulo siikutha.

Ngati ndalama palibedi, zaulere zabwino zilipo ndipo palibe chifukwa chokhalira pa Notepad. Visual Studio Code ukaikamo extension ya XML ya Red Hat imayang'ana fayilo ukulemba ndipo imatsata XSD. Notepad++ ya Don Ho, yomwe ndi yosiyana kutalitali ndi Notepad wamba olo maina akufanana, ili ndi plugin ya XML Tools yoyala fayilo, kuyeza ndi schema ndi kufunsa XPath, ndipo ndi yopepuka imayenda pa laputopu yakale. XML Copy Editor nayo ndi yaulere. Kwa osaopa sikirini yakuda ija yolembapo malamulo olamulira kompyuta pali xmllint yomwe imayeza mafayilo mazana ndi lamulo limodzi, ndi Saxon ya Michael Kay yomwe ili ndi mtundu waulere wothamangitsira XSLT. Munthu wokonza fomu apo ndi apo izi zimukwanira ndithu. Pomwe zogula zimapambana ndi pamene XML ndi ntchito yako ya tsiku lonse, ukufuna kutsata XSLT sitepe ndi sitepe kuti uone pomwe ikukhota, ukujambula schema yaikulu, mafayilo ndi a ma megabyte mazana, kapena ukufuna kupatsa anthu khumi osadziwa matagi kuti azilemba osaphwanya kanthu. Pamenepo nthawi yomwe umataya kulumikiza tizidutswa taulere imaposa mtengo wa laisensi.

Achinyamata ena opanga mapulogalamu andiuza kuti akulu XML inatha, pano ndi JSON. Inde JSON, njira ina yolembera deta yomwe Douglas Crockford anaitchukitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, yatenga malo ambiri pa ma app ndi mawebusaiti ndipo ndi yopepuka, sindikutsutsa. Koma banki ikakuuza kuti tumiza uthenga wa ISO 20022, kasitomu ikafuna fayilo yake, dona akafuna IATI, suwayankha kuti ine ndimakonda JSON. Komanso pa zolemba zenizeni, lamulo lokhala ndi magawo ndi ndime, buku, dikishonale, pomwe mawu ndi matagi zimasakanikirana mu chiganizo chimodzi, XML ikadali patsogolo. Ndipo mfundo yanga siisintha olo pa JSON, nayonso ili ndi JSON Schema, nayonso kachizindikiro kamodzi ka koma (,) kakasowa imafa, ndipo ma edita omwewa amaigwira. Chomwe ndikukana ine ndi kugwira deta ya dongosolo ndi chida chosadziwa dongosololo, kaya ndi XML, JSON, YAML olo CSV.

Ndinenenso kuti edita payokha si mankhwala. Ukaigula koma schema palibe, wangogula Notepad ya mitundu. Ndipo apa ndi pomwe maofesi athu amagonja pogula masisitemu. Kampani imabwera, imaika sisitemu, imaphunzitsa anthu masiku awiri kudina mabatani, imalandira cheke n'kumapita, osasiya schema, osasiya pepala lofotokoza kuti tagi iyi ikutanthauza chani. Patatha zaka zitatu mukufuna kusamukira ku sisitemu ina kapena kulumikiza ndi ya unduna, mupeza deta yanu yomwe simungaimvetse popanda kuwaitananso omwewo ndi kuwalipiranso. Amene mumasaina makontirakiti, chonde lembanimo kuti deta izitha kutuluka mu XML kapena JSON, schema yake iperekedwe kwa inu pamodzi ndi kufotokoza kwake, ndipo musalipire gawo lomaliza munthu wanu wa deta asanatenge fayilo yotuluka mu sisitemuyo n'kuiyeza yekha ndi schema imeneyo pa kompyuta ya pa ofesi panu.

Kwa aphunzitsi a m'makoleji ndi mayunivesite athu pempho langa ndi laling'ono, pa maphunziro a ICT, a za malaibulale, a ziwerengero ngakhale a zilankhulo, patulani masabata awiri okha ana agwire fayilo yeniyeni yonyansa, ya mzere umodzi, ya ŵ wophwanyika ndi maboma olembedwa mosiyanasiyana, alembe schema yawo, aone mzere wofiira ukutuluka, aukonze, afunse mafunso atatu ndi XPath. Zida zaulere ndatchula zija zikukwana pa kalasi, sipafunika forex. Ndipo mabwana amene mwalandira ana a intenishipu mwezi uno, musanawapatse fayilo yoti akonze, yambani mwaona kuti pa laputopu yawo pali chani chotsegulira, kuika Notepad++ ndi XML Tools sikutenga olo mphindi khumi.

Ndine wowerenga wanu,
Wogwira ntchito ya deta, Lilongwe